Kodi makapisozi a mafuta a nsomba angakukhozetseni MSCE?



Sabata yatha, nditangotuluka m'kalasi la Chemistry, mtsikana wina wa Folomu 4 ananditsatira mpaka pakhomo la ofesi ya aphunzitsi. M'manja mwake munali kabotolo ka pulasitiki kodzaza timakapisozi tachikasu towala ngati mikanda. "Aphunzitsi, azakhali anga anditumizira izi kuchokera ku Joni. Akuti ndikamamwa tiwiri tsiku lililonse, mutu utseguka ndipo MSCE ndikhoza ndi mapointi ochepa. N'zoona?" Pabotolopo panalembedwa kuti Omega-3, ndipo m'munsi mwake panali chithunzi cha nsomba ikudumpha m'madzi.

Funso limeneli silikanatha pakhomo paja, choncho ndinamulonjeza kuti ndilemba pano kuti nonse mumve. Mwachidule, mafuta amenewa thupi limawafunadi, ndipo ntchito yake m'maso, mu ubongo ndi m'magazi ndi yeniyeni. Koma zimene otsatsa malonda amalonjeza n'zambiri kuposa zimene asayansi apeza. Tiyeni tisiyanitse zinthu ziwirizi.

Dzina lakuti omega-3 likuchokera kuti?

Mafuta onse amene timadya, kaya ndi a mtedza, a mbuzi kapena a nsomba, amapangidwa ndi timagawo totchedwa fatty acids. Amene mwaphunzira kale ma alkanoic acid musaope, awa ndi abale awo, kungoti ndi aatali. Kumutu kwake kuli gulu la COOH, kenako pamabwera unyolo wa ma atomu a kaboni, wina kugwira mnzake, mpaka kumchira kumene kuli CH3. Ethanoic acid wa mu viniga ali ndi makaboni 2 okha, pomwe ma fatty acid ambiri a m'zakudya zathu ali ndi makaboni 16, 18, 20 kapena 22.

Unyolowo ukakhala wopanda double bond pakati pa makaboni, monga ma alkane, timati ndi saturated. Ukakhala ndi double bond, monga ma alkene, ndi unsaturated. Tsono omega ndi chilembo chomaliza pa alifabeti ya Chigiriki, ndipo asayansi anachitenga kukhala dzina la kaboni wa kumchira kwenikweni. Yambirani kumchirako n'kumawerenga: wani, thu, fili. Double bond yoyamba ikapezeka pa kaboni wachitatu, ameneyo ndi omega-3. Ikapezeka pa kaboni wa nambala 6, ndi omega-6. Basi, palibenso chinsinsi china m'dzinamo.

Ma omega-3 oti muwadziwe ndi atatu. Woyamba ndi ALA, wa makaboni 18 ndi ma double bond 3, ndipo amapezeka m'zomera monga soya, chia ndi fulakisi. Wachiwiri ndi EPA, wa makaboni 20 ndi ma double bond 5. Wachitatu ndi DHA, wa makaboni 22 ndi ma double bond 6. EPA ndi DHA ndiwo amachuluka m'mafuta a nsomba za m'nyanja yamchere, ndipo ndiwo anali m'kabotolo ka mtsikana uja.

Kupindika kwa unyolo n'kumene kuli nkhani

Double bond iliyonse ya m'mafuta achilengedwewa imakhotetsa unyolo. Taganizirani mtolo wa bango lowongoka bwino: mukaumanga umathinana, pakati sipakhala mpata. Koma mangani mtolo wa nkhuni zokhotakhota muone, mipata thoo, nkhuni zili gwedegwede. Mafuta a saturated ali ngati bango, amapanikizana n'kuuma msanga. A unsaturated ali ngati nkhuni zokhota, sangathinane, choncho amakhalabe amadzimadzi.

Manambala akutsimikizira zimenezi. Stearic acid, wopezeka kwambiri m'mafuta a ng'ombe ndi mbuzi, ali ndi makaboni 18 opanda double bond, ndipo amasungunuka pa madigiri pafupifupi 69. ALA ali ndi makaboni 18 omwewo, koma chifukwa cha ma double bond atatu aja amakhalabe wamadzimadzi mpaka kuzizira kufike madigiri 11 kunsi kwa ziro. DHA ndiye mpaka cha m'ma 44 kunsi kwa ziro. N'chifukwa chake msuzi wa nyama ya mbuzi ukazizira mafuta amaundana mbuu pamwamba pa mbale, pomwe mafuta a m'kapisozi ya nsomba amakhalabe amadzimadzi ngakhale m'mawa wa mu June ku Dedza.

Kwa nsomba ya m'madzi ozizira a kufupi ndi Norway kapena Greenland, imeneyi ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Selo iliyonse imakutidwa ndi cell membrane, kachikuto kopyapyala kopangidwa ndi mafuta, ndipo kachikutoko kakauma gwa, seloyo singagwire ntchito. EPA ndi DHA amathandiza kuti kakhale kofewa ngakhale m'madzi ozizira kwambiri.

Mwini wake weniweni si nsomba

Apa ambiri amadabwa. Gawo lalikulu la EPA ndi DHA amene ali m'nsomba za m'nyanja yamchere sinapange nsombayo. Amapanga ndi ndere zing'onozing'ono zosaoneka ndi maso, zoyandama pamwamba pa nyanja pamene kuwala kwa dzuwa kumafika. Tizilombo ta m'madzi monga krill timadya nderezo, tinsomba monga sardine, herring ndi anchovy timadya tizilomboto, ndipo nsomba zikuluzikulu monga salmon ndi tuna zimadya tinsombato. Ndi food chain yomwe ija ya mu Biology, mafuta akungosamuka kuchoka m'thupi lina kupita m'thupi lina.

Mafuta ambiri a nsomba amene amagulitsidwa padziko lapansi amafinyidwa kuchokera ku tinsomba ting'onoting'ono, makamaka anchovy wogwidwa m'nyanja ya Pacific kufupi ndi Peru. Masiku ano kulinso mafakitale amene amadumpha nsomba n'kumalima ndere zenizenizo m'matanki. DHA wothiridwa mumkaka wa m'chitini wa makanda nthawi zambiri amachokera ku ndere zoterezi.

Thupi lathu limachita nawo chiyani?

Mu 1929, George Burr ndi mkazi wake Mildred Burr, a pa University of Minnesota ku America, anadyetsa makoswe chakudya chochotsedwa mafuta onse. Makoswewo anasiya kukula, khungu linayamba kusuwuka, michira n'kuwonongeka. Atawapatsa timafuta tochepa chabe ta mtundu woyenera, anachira. Kuyambira pamenepo zinadziwika kuti pali ma fatty acid ena amene thupi silingapange lokha, tiyenera kuwapeza m'chakudya. Kwa munthu ndi awiri: linoleic acid, amene ndi omega-6, ndi ALA uja.

Mwina wina afunsa kuti, "Ndiye ndingodya soya basi, thupi lipange lokha EPA ndi DHA kuchokera ku ALA?" Limapangadi, makamaka m'chiwindi, koma mwaulesi. Pa ALA 100 amene mwadya, osakwana 15 ndi amene amasanduka EPA, ndipo ofika pa DHA ndi ochepa kwambiri kuposa pamenepo. N'chifukwa chake kudya EPA ndi DHA wopangidwa kale ndiyo njira yodalirika.

DHA ndi njerwa yomangira. Amachuluka mu retina, kumbuyo kwa diso kumene kuli maselo olandira kuwala, komanso m'ma cell membrane a maselo a ubongo. Nthawi imene ubongo umasonkhanitsa DHA mwachangu kwambiri ndi miyezi itatu yomaliza mwana ali m'mimba ndi zaka ziwiri zoyambirira atabadwa. Mwanayo amamupeza kwa mayi ake, poyamba kudzera m'nsengwa, kenako mumkaka wa m'mawere. Sungani mfundo imeneyi, tibwererako.

EPA ntchito yake yaikulu ili pa mauthenga. Thupi limagwiritsa ntchito ma fatty acid a makaboni 20 popanga timankhwala touza magazi kuti aundane kapena minofu kuti itupe pamene pavulala. Timankhwala topangidwa ku EPA timakhala tofatsirapo poyerekeza ndi topangidwa ku arachidonic acid, amene ndi omega-6. Izi sizikutanthauza kuti omega-6 wa m'mafuta a mpendadzuwa ndi mtedza ndi mdani ayi, nayenso thupi limamufuna. Chinanso chotsimikizika n'chakuti EPA ndi DHA amatsitsa mafuta a m'magazi otchedwa triglycerides. Kwa odwala amene mafutawa akwera kwambiri, magalamu 4 patsiku amawatsitsa ndi 20 mpaka 30 peresenti, ndipo madokotala amapereka mlingo umenewu ngati mankhwala.

Nkhani ya ku Greenland

Kutchuka kwa mafuta a nsomba kunayambira ku Greenland, chilumba chachikulu chokutidwa ndi madzi oundana kumpoto kwa nyanja ya Atlantic. Mu 1970, madokotala awiri a ku Denmark, Hans Olaf Bang ndi Jørn Dyerberg, anapita kudera la Uummannaq chifukwa anamva kuti anthu a mtundu wa Inuit sadwaladwala mtima ngakhale amadya mafuta ambiri a nsomba, a anangumi ndi a nyama za m'madzi zotchedwa seal. Anatenga magazi a anthu 130, ndipo mu 1971 analemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kuti mafuta a m'magazi mwa anthuwa anali otsika kuposa a anthu a ku Denmark. Pambuyo pake anapezanso kuti magaziwo anali ndi EPA wambiri ndipo ankachedwa kuundana. Apa m'pamene panabadwira ganizo lakuti mafuta a nsomba amateteza mtima.

Ganizolo linali labwino, koma linali ndi mpata. Mu 2014, ofufuza a ku Canada motsogoleredwa ndi George Fodor anawerenganso ntchitoyo n'kuonetsa kuti Bang ndi Dyerberg sanapime mitima ya anthuwo. Anadalira malipoti a imfa ndi a zipatala, m'dera limene anthu ambiri ankakhala kutali ndi dokotala, moti chimene chinapha munthu sichinkadziwika bwino nthawi zonse. Mu 2015, kafukufuku wina wa m'magazini ya Science anapeza kuti a Inuit ali ndi majini osiyana ndi a anthu ena ambiri pa momwe thupi limagwirira ma fatty acid, chifukwa makolo awo akhala akudya chakudya chimenechi kwa zaka zikwi zambiri.

Phunziro lake lembani m'kope: kuona zinthu ziwiri zikuyendera limodzi si umboni wakuti chimodzi chikuyambitsa chinzake.

Tingadziwe bwanji zoona?

Njira yake ndi yomwe ija ya mu labu, pamafunika control. Mumatenga anthu ambiri, n'kuwagawa m'magulu awiri mwa maere. Gulu lina limalandira mafuta a nsomba, lina limalandira makapisozi onamizira ooneka chimodzimodzi, ndipo palibe amene akudziwa chimene akumwa. Pakapita zaka mumawerenga amene adwala mbali zonse ziwiri.

Pa nkhani ya mtima, zotsatira zake n'zosakanikirana. Mu 1989 ku Wales, kafukufuku wotchedwa DART anatsatira amuna pafupifupi 2,000 amene anadwalapo kale mtima, ndipo mwa amene analangizidwa kudya nsomba zamafuta kawiri pa sabata, imfa zinachepa ndi 29 peresenti m'zaka ziwiri. Koma mu 2018 kunatuluka zotsatira za VITAL, kafukufuku wa ku America wa anthu oposa 25,000 amene sanadwalepo mtima. Atamwa galamu imodzi ya mafuta a nsomba tsiku lililonse kwa zaka pafupifupi zisanu, chiwerengero chonse cha mavuto aakulu a mtima ndi sitiroko sichinasiyane kwenikweni ndi cha gulu la makapisozi onamizira. Chaka chomwecho, REDUCE-IT anapatsa odwala oposa 8,000 okhala ndi triglycerides okwera magalamu 4 a EPA yekha, ndipo mavuto a mtima anatsika ndi 25 peresenti. Koma mu 2020, STRENGTH anayesa magalamu 4 a EPA ndi DHA osakaniza pa odwala pafupifupi 13,000 n'kusapeza phindu lililonse. Mpaka lero akatswiri akukanganabe chifukwa chake awiriwa anasiyana.

Pa amayi oyembekezera umboni ndi wolimba. Mu 2018 bungwe la Cochrane linaphatikiza makafukufuku 70 a amayi pafupifupi 20,000, n'kupeza kuti kuwonjezera omega-3 kunachepetsa kubadwa kwa ana masabata 37 asanakwane ndi 11 peresenti, ndipo kubadwa masabata 34 asanakwane ndi 42 peresenti. Mwana wobadwa masiku asanakwane amakhala pachiopsezo chachikulu, choncho phindu limeneli si laling'ono.

Nanga mayeso?

Tafika pa funso la mtsikana uja. Mu 2006, akuluakulu a zamaphunziro ku Durham ku England anagawa makapisozi a mafuta a nsomba kwa ophunzira masauzande amene ankakonzekera mayeso a GCSE, ofananako ndi MSCE yathu. Nyuzipepala zinalemba kwambiri. Koma panalibe gulu loyerekezera nalo, aliyense wofuna ankalandira, moti zotsatira zake sizikanatiuza kanthu. Dokotala wina wolemba nkhani, Ben Goldacre, anadzudzula ntchitoyi poyera pa chifukwa chomwechi.

Ofufuza a pa University of Oxford anachita mwadongosolo. Mu 2012 anafalitsa kafukufuku wa ana a zaka 7 mpaka 9 amene ankavutika kuwerenga, ndipo zinaoneka ngati DHA wathandiza pang'ono ana amene anali kumbuyo kwambiri. Atabwereza kafukufukuyo pa ana ena, zotsatira za mu 2018 sizinaonetse phindu limenelo. Mu sayansi, chinthu chikakanika kubwerezeka timachikayikira.

Kumbukirani mfundo ija ndinati musunge. Njerwa zimafunika kwambiri nyumba ikamamangidwa. Kuunjika njerwa zina pakhomo pa nyumba yomangidwa kale sikuwonjezera chipinda. Ubongo wanu ukupitirizabe kukhwima ndipo umafunabe DHA m'chakudya, koma palibe umboni wodalirika wakuti wophunzira wodya bwino akamwa makapisozi, masamu ayamba kulowa okha.

Ife opanda nyanja yamchere titani?

Bungwe loona za chakudya ku Ulaya, EFSA, limati munthu wamkulu amafunika mamiligalamu 250 a EPA ndi DHA patsiku. Bungwe la American Heart Association limalangiza kudya nsomba kawiri pa sabata, makamaka zamafuta. Nsomba za m'nyanja yamchere zimatipeza ndithu: makerele wa m'mafiriji a m'tauni ndi tinsomba ta m'chitini tothira tomato ndi magwero abwino a EPA ndi DHA.

Koma nkhani yokoma ili pafupi. Nyanja ya Malawi ilinso ndi ndere ndi tizilombo take, ndipo usipa umadya tizilombo tomweto. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2015 anapima mkaka wa m'mawere wa amayi a m'boma la Mangochi n'kupeza kuti unali ndi DHA wochuluka kuposa avareji ya padziko lonse, ndipo ofufuzawo analoza ku kadyedwe ka tinsomba ta m'nyanjayi monga usipa. Inde, usipa womwe uja ena mumaunyoza ku dining kuti ndi ndiwo za amphawi. Ubwino wakenso ndi wakuti timadya wonse, mutu, maso ndi minga yomwe, ndiye timapezamo mapuloteni ndi calcium, zimene m'kapisozi mulibe.

Zoyenera kusamala

Choyamba, ma double bond omwe aja ndi malo ofooka. Okosijeni amawagwira mosavuta, makamaka pa kutentha ndi pa dzuwa, ndipo mafuta amawonongeka. Usipa wouma ukakhalitsa n'kuyamba kufiira, kununkha ndi kuwawa pakamwa, dziwani kuti mafuta ake ayamba kuwonongeka. Sungani nsomba zouma pouma ndi pamthunzi. Makapisozi nawonso akayamba fungo loipa, atayeni.

Chachiwiri, food chain imene imanyamula omega-3 imanyamulanso mercury. Chitsulo chapoizonichi chimachulukirachulukira pokwera, moti nsomba zikuluzikulu zodya zinzake monga shaki ndi swordfish zimakhala nacho chambiri. Amayi oyembekezera amalangizidwa kuzipewa. Tinsomba ting'onoting'ono timakhala nacho chochepa.

Chachitatu, musasokoneze mafuta a nsomba wamba ndi cod liver oil. Ameneyu amachokera m'chiwindi cha nsomba ya cod ndipo ali ndi mavitamini A ndi D ambiri. Vitamini A akachuluka mopitirira amasungika m'chiwindi n'kuvulaza thupi, ndipo angawononge mwana amene ali m'mimba.

Chachinayi, mlingo waukulu wa makapisozi ndi mankhwala, osati switi. Makafukufuku aja a magalamu 4 patsiku anapezanso kuti vuto la kugunda kwa mtima kosalongosoka, lotchedwa atrial fibrillation, linawonjezeka mwa omwa mafutawo. Munthu amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana ayenera kufunsa kuchipatala asanayambe.

Zimene ndinamuuza

Lolemba ndinakumananso ndi mtsikana uja. Tinatembenuza botolo n'kuwerenga timalemba ta kumbuyo. Kutsogolo analemba 1000 mg, koma kumbuyo kunaoneka kuti m'kapisozi imodzi EPA ndi 180 mg ndipo DHA ndi 120 mg, zotsalazo ndi mafuta ena. Ndinamuuza kuti deti ikakhala kuti sinadutse, ndipo sakumwa mankhwala ena, akhoza kumaliza botololo potsatira mlingo wolembedwa, n'kuthokoza azakhali ake chifukwa anatumiza ndi mtima wabwino. Koma likatha, asavutitse makolo kuti agule lina. Ndalama imeneyo ingagule usipa wodya banja lonse, ndipo amene angapindule kwambiri ndi mlamu wake woyembekezera ndi kamwana kamene kakubwerako. Iye anaseka n'kufunsa kuti, "Ndiye mayesowa nditani, aphunzitsi?" Ndinamupatsa mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, n'kumuuza kuti azigona mokwanira.

Yesani mafunso awa, mayankho tikambirana m'kalasi kapena ndi anzanu pa gulu lowerengera:

1. Jambulani unyolo wa makaboni 18 ndi kuika double bond yoyamba pamalo oti ukhale omega-3.
2. Stearic acid ndi ALA onse ali ndi makaboni 18. N'chifukwa chiyani wina amauma pambale pomwe wina amakhalabe wamadzimadzi?
3. Lembani food chain yoonetsa ulendo wa DHA kuchoka ku ndere mpaka kwa khanda loyamwa ku Mangochi.
4. Mukanakhala inu ku Durham mu 2006, mukanakonza bwanji kafukufuku uja kuti apereke yankho lodalirika?
5. Kapisozi ya 1000 mg ili ndi EPA 180 mg ndi DHA 120 mg. Ndi maperesenti angati a kapisoziyo amene ali EPA ndi DHA?